Maina Aulemu a Cizungu: Tileke Kuwaunjika Ngati Nkhuni

Anzanga acinyamata, tengani pepala la ndondomeko ya msonkhano uliwonse umene magulu athu anacititsa posacedwapa, kaya ku Nyimba, ku Petauke kapena m'midzi ya kwa Luembe, ndipo muwerenge bwino maina a alendo oitanidwa. Mudzapezamo zodabwitsa. Wina walembedwa kuti Mr Dr Tembo. Mphunzitsi wa pa sukulu yapafupi wasanduka Sir Mumba. Khansala wa m'dera ndi Honourable, ndipo munthu amene angoganizirako zodzaima pa masankho wapatsidwa kale dzina lakuti Incoming Honourable, ngati kuti mavoti anawerengedwa usiku ife tili m'tulo. Pamwamba pa onsewa pali mfumu, imene mlembi waikweza n'kuisandutsa Paramount Chief poganiza kuti liu lalitali ndilo lolemera. Ndipo pansi penipeni, pamene pepala lili pafupi kutha, pali mau akuti "ndi ena onse". M'menemo ndimo mwalowa agogo aja amene anayamba kupemphera pa mpingowo makolo a mlembiyo asanabadwe.

Mlembiyo sanafune kunyoza munthu. Anafuna kulemekeza, ndipo mtima umenewo ngwabwino. Colakwa n'cakuti taganiza kuti ulemu wa Cizungu uli ngati nkhuni, zoti ukaunjika zambiri moto ukula. Sizitero ai. Maina aulemu awa ndi katundu wobwereka, ndipo katundu wobwereka ali ndi kagwiridwe kake. Eni cinenero afuna dzina limodzi loyenera, loikidwa pamalo pake. Mukaonjezapo lina, kawirikawiri simunaonjeze ulemu, mwangoonetsa kuti simudziwa cimene maina onse awiriwo atanthauza.

Cimene cindidabwitsa n'cakuti ife sitili mbuli pa nkhani ya ulemu. Mwana wa zaka 5 kuno adziwa kale kuti munthu wamkulu sauzidwa kuti "iwe", ndi kuti dzina lake liyamba ndi "a": a Tembo, a Mwanza, a Daka. Pakati pa Aambo, amene malankhulidwe ao ayandikana ndi Cilala, mudzamva "ba" m'malo mwa "a". Mai akabereka, dzina lake la pa utsikana lipumula ndipo aitanidwa ndi dzina la mwana: amake Tisa, kapena anyina Tisa monga akambira Ansenga. Bambo nayenso asanduka awisi Tisa. Apongozi sachulidwa dzina mwacisawawa. Malamulo onsewa tinawayamwira ku bere, palibe amene anatilembera pa bolodi. Nanga bwanji munthu yemweyo, wodziwa zonsezi, akangotsegula pakamwa m'Cizungu ayamba kuponda ponseponse ngati ng'ombe yolowa m'dimba la eni?

Tiyambe ndi Mr, popeza ndilo dzina limene tigwiritsa nchito tsiku ndi tsiku. Linacokera ku liu lakuti Master, ndipo liyenda ndi dzina la banja, limene kwa ambiri a ife ndi ciwongo. Tinene kuti munthu ndi Yosefe Tembo. Mungalembe Mr Tembo, mungalembenso Mr Yosefe Tembo, koma osati Mr Yosefe. Ndiponso munthu sadzipatsa yekha Mr. Anyamata ambiri akaimirira pamaso pa gulu amati, "My name is Mr Tembo." Taganizani mnyamata ataimirira pa bwalo la mudzi n'kunena kuti, "Ine ndine a Tembo." Kodi amai sangagwire pakamwa? Kanthu kakang'ono kaja "a" ndi anthu ena amene akuikira, sudziikira wekha, ndipo Mr ali cimodzimodzi. Ena afika mpaka ponena kuti "My names are", poona kuti maina ao ndi awiri kapena atatu. M'Cizungu dzina lonse ndi limodzi, ngakhale litatalika ngati mseu wa Great East: "My name is". Cinanso, Mr sakhalira mpando umodzi ndi Dr kapena Professor. Ajeremani amaunjika, amati Herr Doktor, koma Angelezi satero. Munthu akakhala Dr, Mr acokapo.

Kwa amai nkhani ibvutirapo. Mrs ndi Miss onse awiri anacokera ku liu limodzi lakuti Mistress, ndipo bvuto lao n'lakuti aulula ngati mkazi ali pa banja kapena ai, pamene Mr sanena kanthu za mwamuna. Mwambo wakale wa Angelezi unali kulemba mkazi wa Yosefe uja kuti Mrs Yosefe Tembo, kumumeza yense osasiyako ngakhale dzina lake loyamba. Izi si zathu. Mkazi wa Cinsenga kapena wa Ciambo sataya mtundu wake tsiku la cikwati. Ana awerengedwa ku cikazi, ndipo dzina la ufumu lipita kwa mwana wa mlongo. Kwa Acewa, Naphiri akhala Naphiri mpaka kumanda ngakhale akwatiwe kwa a Banda. Cotero musanalembe Mrs ndi ciwongo ca mwamuna, funsani mwini wake. Amai ambiri ophunzira ali ndi masatifiketi ndi ziphaso za nchito zolembedwa m'ciwongo ca kwao, ndipo safuna kuti muwasinthire dzina pa khadi la msonkhano.

Pali liu lacitatu, Ms, limene lichulidwa kuti "miz". Linafalikira ku America m'zaka za m'ma 1970, ndipo magazini ina yochedwa dzina lomweli inayamba kutuluka mwezi ndi mwezi mu 1972. Kuno ambiri aganiza kuti Ms ndi la mkazi wosiyidwa ukwati kapena wamasiye, mwakuti ena akwiya akalemberedwa tero. Si conco. Ms ndi la mkazi aliyense, wokwatiwa kapena wosakwatiwa, monga Mr alili wa mwamuna aliyense. Ngati mulembera mai amene simumudziwa, Ms ndilo lidzakupulumutsani. Kulemba Miss kwa mai wa zaka 50 amene ayendetsa ofesi, cifukwa cabe cakuti simunaone mphete ku cala cake, ndiko kuloza za m'nyumba mwa eni popanda wokutumani.

Tsopano Sir. Liuli lili ndi nchito ziwiri, ndipo ife tazisakaniza. Nchito yoyamba ndi yoitanira mwamuna popanda kuchula dzina lake: "Good morning, Sir." Likatero liima lokha. Nchito yaciwiri ndi ya munthu amene mfumu ya ku Britain yamupatsa ulemu wapadera, ndipo pamenepo liyenda ndi dzina loyamba. Bwanamkubwa womaliza wa Northern Rhodesia, amene anakhala pa mpando kuyambira 1959 kufikira tsiku la ufulu, 24 October 1964, anali Sir Evelyn Hone. Pomufupikitsa ankati Sir Evelyn, osati Sir Hone. Nduna yaikulu ya Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland kuyambira 1956 kufikira 1963 inali Sir Roy Welensky, kapena Sir Roy. Inu okonda mpira mudziwa bwino kuti mphunzitsi wakale wa Manchester United, amene analandira ulemuwu mu 1999, ndi Sir Alex. Kodi munamvapo woulutsa mpira akunena kuti Sir Ferguson? Ndiye mukati Sir Mumba mwalakwa kawiri: mwawapatsa a Mumba ulemu umene sanaulandire, ndipo mwauika pa dzina lolakwika. Madam nayenso aima yekha, kapena atsogolera dzina la udindo. Pamene Nelly Mutti anasankhidwa mu 2021 kukhala mai woyamba kutsogolera zokambirana m'Nyumba ya Malamulo ya dziko lino, aphungu anayamba kunena kuti Madam Speaker pamene kale ankati Mr Speaker.

Wina adzati: "Kodi Cizungu si cathu tsopano? Ngati ana onse a sukulu m'Zambia amati Madam Phiri ndi Sir Mumba, ndani angatiletse?" Funso ili n'labwino, ndipo sindifuna kumenyana ndi ana a sukulu. Pa bwalo la sukulu Madam Phiri amveka, sanyoza munthu, ndipo ndiganiza kuti sadzatha. Koma munthu wanzeru adziwa zobvala za kumunda ndi zobvala za ku chalichi. Wocongera mayeso anu a Cizungu sali pa bwalo la sukulu yanu. Wowerenga kalata yanu yofunsira malo ku koleji ku Chipata kapena ku Lusaka sakudziwani nkhope. Ngakhale kuno kwathu, kumene midzi yambiri ili m'dera losungiramo nyama la West Petauke, nchito zocepa zimene zituluka, monga za kulondera nyama ndi nkhalango, zifuna kalata, ndipo ofunsira aculuka kuposa malo. Kalata yanu ndiyo nkhope yanu. Mukayamba ndi Dear Sir kapena Dear Madam, mutsirize ndi Yours faithfully. Mukayamba ndi dzina, monga Dear Mr Tembo kapena Dear Ms Daka, mutsirize ndi Yours sincerely. Musalembe Dear Sir Tembo, musalembe Dear Mr Manager, ndipo cotani pa cizolowezi colemba Respected Honourable Sir ndi mizere itatu yofunsa za umoyo wa banja lao. Wowerengayo ali ndi mulu wa makalata, afuna kudziwa cimene mwadzera.

Dzina lakuti Doctor liyenera kuti tiimepo pang'ono. Ku cipatala tili ndi cizolowezi coipa: mwamuna aliyense wobvala zoyera ndi dokotala, ndipo mkazi aliyense ndi nesi kapena Sister. Motero mai amene anakhala zaka zambiri ku yunivesite kuphunzira udokotala aitanidwa nesi, pamene mnyamata wokankha mpando wa odwala alandira udokotala waulere. Uku si kulakwitsa Cizungu cabe, ndi kuonetsa zimene tiganiza za akazi. Kunja kwa cipatala, Doctor ali pawiri. Pali wa maphunziro, amene munthu amuvutikira ndi mabuku, ndipo pali waulemu, amene yunivesite ipereka ngati mphatso kwa munthu amene wacita zazikulu. Dr Hastings Kamuzu Banda wa ku Malawi anali dokotala wa mankhwala, anatsiriza maphunziro ake ku Meharry Medical College ku America mu 1937. Dr Kenneth Kaunda anali mphunzitsi, ndipo udokotala wake unali waulemu. Palibe amene anadandaula, cifukwa nchito zake zinali poyera. Koma masiku ano udokotala waulemu waculuka ngati nthoci za pa msika wa Nyimba, ndipo wina ucokera ku masukulu amene palibe anaonapo khomo lake. Ku Ghana zinafika poti mu 2025 bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba linaletsa anthu kudzichula Dr pa cifukwa ca madigiri aulemu. Cosangalatsa n'cakuti ku Britain komweko madokotala ocita opaleshoni, akafika pamwamba pa nchito yao, abwerera ku Mr, Miss, Mrs kapena Ms, ndipo anyadira kutero. Ndi mwambo wocokera m'masiku amene ong'amba anthu sanali kuphunzira ku yunivesite. Ife tithamangira dzina limene iwo alibvula.

Pa mafumu ndi pamene tiyenera kusamala koposa, cifukwa pamenepa kulakwa sikuthera pa kuseka. M'boma la Nyimba muli mipando inai ya ufumu: Luembe, Ndake, Nyalugwe ndi Mwape. A Luembe ndi Senior Chief, monganso a Kalindawalo ku Petauke, ndipo mu 2021 manyuzi anali kuwachula kawirikawiri monga wapampando wa House of Chiefs, nyumba ya mafumu a dziko lonse. Udindo umenewo ngwaukulu, sufunika kuukometsera ndi bodza. Ma Paramount Chief m'Zambia ndi anai: Litunga wa Alozi, Chitimukulu wa Abemba, Kalonga Gawa Undi wa Acewa ndi Mpezeni wa Angoni. Mukachula mfumu ina iliyonse kuti Paramount, simunaikweze. Mwaiika pa mpando wa eni pamaso pa anthu, ndipo mfumu yodziwa mwambo idzacita manyazi m'malo mwanu. Cimodzimodzi mfumu ya mudzi. M'Cinyanja tonse timati amfumu, ndipo palibe bvuto, koma m'Cizungu iyo ndi Headman kapena Headwoman. Mukailembera kuti His Royal Highness pa kalata yopempha malo a dimba la gulu kapena bwalo la mpira, ndipo kalatayo n'kufika ku likulu la mfumu, mwaiputira mlandu umene sinaupemphe.

Dziwaninso kuti Luembe si ciwongo. Ndi dzina la mpando, limene munthu alowa ndipo lidzakhalapo iye atapita. Cotero palibe Mr Luembe, palibenso Mrs Mwape. Ndipo taonani timau tiwiri timene tigwetsa oyendetsa miyambo ambiri: His ndi Your. Mukamauza anthu za mfumu, mumati His Royal Highness Senior Chief Luembe. Mukatembenuka kulankhula ndi mfumuyo maso ndi maso, mumati Your Royal Highness. Kunena kuti "His Royal Highness, you are welcome" kuli ngati kuuza mlendo amene wakhala patsogolo panu kuti "iwo aja, takulandirani". Ngati mfumu ndi mai, monga zakhalira pa mipando ya Mwape, Nyanje ndi Mwanjawanthu, liu ndi Her, osati His. Cinyanja sicisiyanitsa mwamuna ndi mkazi pa mau otere, n'cifukwa cake lilime litererekera pamenepa. Yesezani muli kunyumba, musanagwire maikolofoni.

Kodi His Royal Highness ameneyu anacokera kuti? Ku Britain ndi dzina la ana ndi abale a mfumu, pamene mfumu yeniyeniyo ndi Majesty. Charles anali His Royal Highness kufikira mu September 2022 pamene amai ake anamwalira, ndipo tsiku lomwelo anasanduka His Majesty. Atsamunda sanali kuchula mafumu athu ndi maina otere. Kwa iwo anali Chief cabe, ndipo lamulo la 1929 linawasandutsa ma Native Authority, ogwira nchito pansi pa Bwana DC. Sindidabwa kuti anthu athu anafuna liu lolemera lobwezera mafumu ulemu umene analandidwa, ndipo popeza lakhazikika, tiyeni tiligwiritse nchito bwino. Koma musaganize kuti liposa athu. Amene anafikako ku Kulamba ku Mkaika, kapena ku Nc'wala ku Mtenguleni, adziwa mmene thupi licitira tsemwe khamu likapfuula kuti "Yooo Gawa!" kapena "Bayete!" Palibe zilembo zitatu za Cizungu zimene zingafike pamenepo. Mnyamata amene anena Your Royal Highness manja ali m'thumba, cipewa cili kumutu, cingamu cili m'kamwa, sanalemekeze mfumu. Amuposa mnzake wosadziwa Cizungu amene wagwada, waomba m'manja, n'kudikira kuti nduna imupatse mpata wolankhula.

Za Honourable ndingakambe mpaka dzuwa kulowa. Ndi la aphungu a Nyumba ya Malamulo ndi nduna za boma. Khansala ndi Councillor, meya ndi His Worship kapena Her Worship, waciwiri kwa pulezidenti ndi His Honour kapena Her Honour, monga anachulidwira Inonge Wina kuyambira 2015 ndi Mutale Nalumango kuyambira 2021. Woweruza wa High Court ndi My Lord kapena My Lady. Aliyense ali ndi cipewa cake. Koma ife tatenga Honourable n'kumusandutsa nyambo. Munthu akangogula galimoto n'kuyamba kupezeka pa maliro alionse, tayamba kale: "Honourable, Honourable!" Kenako Boss, Big Man, Chairman. Tisanamizane, anzanga, pamenepo sitilemekeza munthu, tilemekeza thumba lake. Tifuna mpira, tifuna mayunifomu a kwaya, tifuna ya sopo. Iyenso adziwa, ndipo alipira dzinalo ndi timakwaca tocepa. Tsiku limene adzapambane adzakumbukira kuti anatigula kale, ndipo pa mlatho wogumuka ndi mankhwala osowa ku cipatala sitidzakhala ndi pakamwa pomufunsira.

Maina a ndale amabwera ndi kupita. M'zaka za cipani cimodzi ca UNIP, zimene zinatha ndi masankho a 1991, aliyense anali Comrade. Afunseni makolo anu. Ku Malawi munthu sakanayerekeza kuchula mtsogoleri popanda mndandanda wonse: His Excellency the Life President Ngwazi Dr H. Kamuzu Banda. Upulezidenti wamuyayawo anaulandira mu 1971, unacotsedwa mu 1993, ndipo mu 1994 anagonja pa masankho kwa Bakili Muluzi. Mndandanda utali sunaonjezepo tsiku ngakhale limodzi.

Mu mpingo namonso tasokoneza. Reverend m'Cizungu ceniceni si dzina la nchito monga Pastor kapena Father. Ndi liu lofotokoza munthu, lofanana ndi "wolemekezeka", ndipo polemba liyenda ndi dzina lonse kapena cilembo coyamba: The Reverend Yosefe Tembo, kapena Rev. Y. Tembo. Lingatsagane ndi Dr, n'kukhala Rev. Dr, ndipo apa ndi pamodzi mwa malo ocepa pamene maina awiri aloledwa. Mipingo imene ili ndi mabishopu ili ndi makwerero ake, ndipo citsanzo cabwino ndi mwana wa kuno kum'mawa, Medardo Joseph Mazombwe. Atadzozedwa unsembe mu 1960 anali Father. Atadzozedwa kukhala bishopu wa Chipata mu 1971 anakhala Right Reverend. Atasankhidwa mu 1996 kukhala bishopu wamkulu wa Lusaka anthu ankamuyankha kuti Your Grace, ndipo atakhala kadinala mu 2010, woyamba wobadwira m'Zambia, anakhala Your Eminence kufikira imfa yake mu 2013. Taonani kuti pa kwerero lililonse dzina latsopano linalowa m'malo mwa lakale. Sanawanyamule onse pamutu ngati mtolo. Yerekezani ndi zikwangwani zimene tiona m'mbali mwa mseu masiku ano, pamene munthu mmodzi ndi Apostle, Prophet, Bishop ndi Doctor nthawi imodzi, mpingo wake usanakwanitse ngakhale kufolera denga. Werengani nokha Mateyu mutu 23 muone zimene Ambuye ananena za okonda malonje a m'misika ndi maina akuluakulu. Kwa ine, Abusa ndi Abambo ndi maina okwanira, ndipo afika pa mtima kuposa onse aja.

Cimene cindiwawa kwambiri ndi nthawi imene maina awa atidyera, ndi anthu amene awakankhira kumbuyo. Woyendetsa mwambo achula alendo onse mmodzimmodzi ndi zipewa zao. Wapampando akaimirira abwereza mndandanda womwewo. Mlembi abwerezanso, msungicuma abwerezanso, ndipo aliyense atsiriza ndi "all protocols observed", mau amene nchito yake inali yakuti mndandandawo usachulidwe n'komwe. Kuchula maina onse kenako n'kunenanso mauwa kuli ngati kuwoloka Luangwa ndi miyendo bwato utalisenza pamutu. Pamene zonsezi zicitika, acinyamata amene anayenda mtunda wautali kucokera ku midzi ya kumadambo ayang'ana dzuwa, ndipo phunziro limene anadzera lipatsidwa mphindi zotsala. Woyamba kulankhula achule alendo kamodzi, molondola. Otsatira alonjere wapampando ndi mlendo wamkulu, n'kulowa m'nkhani.

Ndipo onani amene atsala opanda dzina. Amene ali ndi Dr, Hon. ndi Rev. akhala kutsogolo pa mipando ya ofewa. Mai amene waphikira misonkhano ya acinyamata kwa zaka 30, mkulu amene anaumba njerwa za chalichi ndi manja ake, alibe cilembo ca Cizungu patsogolo pa maina ao, cotero alowa m'gulu la "ena onse". Kalata ya Yakobo, mutu 2, inakamba kale za msonkhano umene upatsa malo abwino kwa wobvala zokongola ndi kuimika wosauka kumbuyo. Cinyanja cathu pa nkhani iyi cili ndi cilungamo kuposa Cizungu, pakuti "a" yemweyo amene tipatsa nduna ya boma ndiye tipatsanso agogo osadziwa kulemba. Ngati msonkhano ucitika m'Cinyanja kapena m'Cinsenga, monga icitikira misonkhano yathu yambiri, n'cifukwa ninji maina okha alumphira m'Cizungu? Alembi a magulu, musanasindikize pepala la ndondomeko, tumani munthu akafunse mlendo aliyense mmene dzina lake lilembedwera ndi udindo wake weniweni. Safunsa anadya phula. Ndipo m'ndandandamo muikemo a Sakala ndi anyina Tisa ndi maina ao.

Pali maina ena awiri a Cizungu amene alowa m'nyumba zathu mwakacetecete, ndipo sitiwaona ngati oopsa cifukwa amveka okoma: Uncle ndi Aunty. Lero mwamuna aliyense wamkulu ndi Uncle, kaya ndi wogulitsa pa kantemba, kaya ndi dalaivala wa basi. Kwa mlendo wa pa mseu zilibe kanthu. Koma m'banja, Cizungu cili ndi liu limodzi pamene ife tili ndi angapo, ndipo lililonse lili ndi nchito yake. Mng'ono wa atate anu ndi atate aang'ono, mkulu wao ndi atate aakulu. Mng'ono wa amai anu si Aunty, ndi amai aang'ono, ndipo ana ao ndi abale anu enieni, osati asuweni. Mlongo wa atate anu ndi atate aakazi. Mlongo wa amai anu, wamwamuna uja, ndiye amalume, ndipo kuno kwa Ansenga ndi Aambo ameneyo si munthu wamba. Ndiye aimirira pa nkhani ya cikwati canu, ndiye ayankha mukapalamula, ndipo ngati m'banja mwanu muli dzina la ufumu, licokera kwa iye kubwera kwa inu ana a mlongo wake. Mwana wokulira ku Lusaka amene onsewa awachula Uncle ndi Aunty akabwera ku mudzi pa maliro sadziwa woyamba kumugwadira, sadziwa amene ayenera kumuuza za mtsikana amene afuna kukwatira, ndipo pa bwalo la milandu ya minda, akafunsidwa kuti mundawo unali wa yani, ayankha kuti "wa Uncle". Akuluakulu ayang'anana, n'kufunsanso kuti: "Uti?"